Benchi ya mabuku a kaunjika mumsika wa Kasungu, ndi basela lopanda chikuto

Ndiyambe ndi dandaulo, poti ndi limene lidandibwezera kumeneko kachiwiri. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, ndipo kusukulu adawauza kuti aliyense apeze buku lake la Biology. Ndidakafunsa latsopano m'sitolo, mtengo wake udanditulutsa thukuta. Mnzanga amene timagula naye soya ku Chamama ndiye adandilondolera kuti lowa mumsika waukulu pa boma, udutse mzere wa zovala za kaunjika, ukapeza mnyamata ali ndi benchi ya mabuku akale. Benchiyo ilibe chikwangwani. Mukafunsa a kabaza kuti "wa mabuku uja ali pati" akulozerani.

Ndidapita Loweruka m'mawa. Buku lidalipo. Adayamba ndi K8,500, tidanenererana mpaka K6,000, ndipo ndidachoka ndikudzitama chamumtima kuti ndamutha mwana wa m'tauni. Kunyumba mtsikana adangotembenuza masamba atatu n'kunena kuti, "Adadi, ili ndi la silabasi yakale." Amayi ake adangondiyang'ana osanena kanthu, ndipo inu muli pabanja mukudziwa kuti kumeneko ndiye kukalipa kwenikweni. Munthu woti ndidagwira choko zaka 19 ndisanayambe geni ya mbewu, kukagula buku osayang'ana chaka.

Lolemba ndidabwerera. "Achimwene, buku lija ndi lakale." Iye osatekeseka ngakhale pang'ono: "Madala, katundu akatsika pabenchi sakweranso. Mabuku onse pano ndi akale, n'chifukwa chake mtengo uli choncho." Vuto lalikulu la malowa ndi limeneli. Ndalama sabweza, kusinthitsa salola, ndipo mabuku a silabasi yakale amawasanja pamodzi ndi a yatsopano osakuuzani. Kaya amachitira dala kaya ayi, mutu wake uli pa malonda, za maphunziro mudzionere nokha. Titakokanakokana adawerama n'kukoka katoni pansi pa benchi, momwe amasungira mabuku okanika kugulika, amene amawagulitsa pa kilo kwa amayi a mandasi ndi zitumbuwa kuti azikulungira. "Tengani limodzi umu, basela, tisadane." Ndidasolola lokhuthala, la Chingerezi, lopanda chikuto, chiswe chitalawako m'mphepete. Lidali la mbiri ya matauni a ku Scotland. Ndidalitenga ndi mkwiyo, kungoti ndisachoke chimanjamanja.

Lidakhala pawindo mpaka mvula yoyamba, nthawi imene geni yathu imagona. Tsiku lina mvula itanditsekera m'nyumba ndidalitsegula, ndipo nsima idandipeza ndikadali pomwepo.

Ife a ku Kasungu dzina la Scotland si lachilendo. Kamuzu, mwana wa kuno, adakaphunzira udokotala ku Edinburgh, ndipo Blantyre yathu idatenga dzina la kwawo kwa David Livingstone, komwe adabadwira mu 1813. Koma zimene tidaphunzitsidwa ndi za amishoni zokhazokha. M'bukuli mulibe mmishoni. Muli amalonda, misonkho, masikelo ndi mikangano ya m'misika, ndipo munthu wa geni ngati ine ndidali ngati ndikumva nkhani ya achibale.

Nkhani imayambira pa mfumu David I, yomwe idalamulira kuyambira 1124 mpaka 1153. Iyo ndi imene idayamba kukhazikitsa matauni a malonda otchedwa burgh. Oyambirira adali Berwick ndi Roxburgh, kenako Edinburgh, Stirling, Perth ndi ena. Mfumu inkapatula malo, nthawi zambiri pafupi ndi linga lake, n'kuwaduladula mapuloti aataliatali oyang'ana kumsewu umodzi waukulu. Wotenga puloti n'kumangapo nyumba ankatchedwa burgess, ndipo ankalipira lendi kwa mfumu. Ambiri mwa oyamba sadali a komweko. Adali amalonda ndi amisiri ochokera ku England ndi ku Flanders (dera limene lero mbali yake yaikulu ili ku Belgium), oitanidwa dala chifukwa ankadziwa njira za ubweya wa nkhosa ndi nsalu. Obwera chatsopano ankapatsidwa nthawi yosalipira lendi kuti amange kaye. Tauni imene mwini nthaka yake adali mfumu yeniyeniyo, osati bishopu kapena mwinimalo wina, ndi imene pambuyo pake idadziwika kuti royal burgh, tauni ya mfumu.

Chimene chidandigwira mtima n'chakuti chikalata cha mfumu sichinkangopereka ulemu. Chinkapereka msika, n'kuwamana ena. Tauni ya mfumu inkapatsidwa dera lalikulu lozungulira, ndipo m'dera lonselo munthu wakumudzi wofuna kugulitsa ubweya kapena zikopa ankayenera kubwera nazo kumsika wa tauniyo, n'kulipira msonkho. Malonda a kunja kwa dziko, kutumiza ubweya ndi zikopa, kuitanitsa vinyo ndi katundu wina wa mtengo wapatali, adali a amalonda a m'matauni a mfumu okha. Mu 1364 mfumu David II idatsimikiza zimenezi m'chikalata chimodzi cha matauni onse: wamalonda wachilendo agule ndi kugulitsa kwa burgess basi, ndipo ngakhale bishopu kapena mwinimalo wamkulu asagule ubweya ndi zikopa kuti achite nazo malonda. Tangoganizani, bishopu kumuuza kuti izi si zanu.

Apa ndidatseka buku kaye. Bambo anga adagwirapo utenanti pa esiteti ina cha ku Santhe. Iwo ankaudziwa fodya wa bale kuposa mwini esiteti, kuyambira ku nazale mpaka kusankha masamba m'chigafa, koma lamulo la nthawi imeneyo, la Special Crops Act, silinkalola mlimi wamng'ono kulima bale payekha n'kukagulitsa ku okushoni. Chilolezo chidali cha maesiteti mpaka cha m'ma 1990 pomwe zinthu zidayamba kumasuka. Mbewu zina nazo mlimi wamng'ono ankakagulitsa ku ADMARC, ndipo ogula wamba ngati ife tidayamba kuloledwa mu 1987. Ndikawerenga za mbusa wa nkhosa wa ku Scotland amene ubweya wake sukanakwera sitima popanda kudzera m'manja mwa munthu wa m'tauni wokhala ndi ufulu wa mfumu, sindinkafunikira kumasuliridwa. Ndinkaona bambo anga atakhala pakhonde kuwerengera ngongole ya chimanga chimene adadya pa esiteti.

Mutu umene ndidaubwereza katatu ndi wofotokoza za pakati pa tauni. Pamsewu waukulu pankakhala zinthu zitatu. Mtanda wa pamsika, chipilala cha mwala chosonyeza kuti pano malonda ndi ololedwa, pomwenso ankalengezera malamulo ndi kuchititsa manyazi olakwa. Nyumba yotchedwa tolbooth, yomwe idayamba ngati polandirira msonkho n'kudzakhala khonsolo, khoti ndi ndende pamodzi. Ndiye sikelo yaikulu ya tauni yoyezera katundu, yotchedwa tron. Mpaka lero ku Glasgow kuli msewu wa Trongate, ndipo ku Edinburgh kuli tchalitchi chakale chotchedwa Tron Kirk, mayina onsewo ochokera ku sikeloyo. Sikelo imodzi, ya aliyense, poyera. Amene mudagulitsako mtedza kwa mavenda a m'misewu mukudziwa chifukwa chake ndidaima pamenepa. Yanga ili ndi chidindo cha a Malawi Bureau of Standards, ndinene msanga musanandiponye miyala, koma ndikudziwa masikelo ena amene thumba la makilogalamu 50 limafikapo litawonda.

Koma bukuli silidandisiye ndikuloza anzanga chala. Tsamba lotsatira lidandigwira ineyo. Malamulo a matauniwo ankaletsa kukachingamira katundu panjira asanafike pamsika, n'kumugula kuti ukamugulitse mokwera. Wochita zimenezo ankamulipitsa chindapusa ndipo katunduyo ankatha kulandidwa. Nanga ine mwezi wa Epulo ndimatani? Ndimapachika sikelo pamtengo pamphambano, mlimi akubwera ndi thumba la soya panjinga ndimamuimitsa asanamve mtengo wa pa boma. Ndimadzitonthoza kuti ndamupulumutsa ku ulendo, ndipo zoona ulendowo ndi wautali. Komabe ku Perth kapena ku Stirling kalelo akadandikokera pamtanda paja. Nditawawerengera amayi a kunyumba ndime imeneyi adaseka mpaka kugwetsa chipande.

Zina ndidangodutsamo. Pali masamba ambiri ofotokoza mayina a maudindo a m'khonsolo ndi mawu a Chilatini a m'zikalata, amenewo ndi a anthu ofuna digiri. Ndidatolamo chimodzi chokha choseketsa: malamulo akale ankati wonika nsalu, wopha nyama ndi wosoka nsapato sangalowe m'bungwe la amalonda pokhapokha atasiya kugwira ntchitoyo ndi manja ake n'kulemba antchito. Manja akuda sakhala pa tebulo la mabwana. Ngakhale m'kati mwa tauni yomweyo mudali apamwamba ndi apansi, ndipo ochuluka mwa okhalamo sadali ma burgess n'komwe.

Kumene wolemba adachita bwino kwambiri ndi pofotokoza chifukwa chimene mafumu ankaperekera maufuluwa. Sikudali kukoma mtima. Malonda akasonkhana pamalo ochepa, msonkho suvuta kutolera. Poyamba akuluakulu a mfumu ankatolera okha lendi, msonkho wa pamsika ndi zindapusa za m'khoti. Kenako mafumu adaona kuti kuli bwino kupangana mtengo umodzi wa pachaka, tauni izitolera yokha n'kusunga zotsala. Aberdeen idalandira chikalata chotere mu 1319 kuchokera kwa mfumu Robert the Bruce: izilipira mapaundi 213, masheleni 6 ndi mapeni 8 chaka chilichonse, ndipo idapatsidwanso nkhalango ya Stocket. Mawerengedwe amenewo adandikumbutsa agogo, amene mpaka kumwalira ankawerengera m'masheleni ngakhale kwacha idabwera mu 1971. Edinburgh idalandira chake mu 1329, pamodzi ndi doko la Leith. Ubwino wa pangano lotere kwa tauni ndi wakuti mtengo sukwera pomwe malonda akukula, ndiye zotsala zija zinkapita ku thumba la tauni lothandizira onse. Komanso matauni a mfumu ankasenza gawo la msonkho wa dziko lonse, ndipo chifukwa cha icho ankatumiza nthumwi ku nyumba ya malamulo. Wolipira ndiye amalankhula.

Za Leith zidandimvetsa chisoni. Sitima zinkakocheza pakhomo pawo, katundu ankatsitsa ndi iwo, koma ufulu wa malonda a kunja udali wa anthu a ku Edinburgh, kumtunda. Leith idadzakhala tauni yodziimira payokha mu 1833, patatha zaka zoposa 500, ndipo mu 1920 idamezedwanso ndi Edinburgh yomweyo.

Mikangano ndiye yosatha, ndipo ndi imene imakometsa bukuli. Glasgow, yomwe lero ndi mzinda waukulu kuposa yonse ku Scotland, idayamba ngati tauni ya bishopu m'zaka za m'ma 1170, mu ulamuliro wa mfumu William the Lion. Pafupi nayo padali Rutherglen, tauni ya mfumu, imene anthu ake ankatolera msonkho mpaka m'kati mwa Glasgow. Mu 1226 mfumu Alexander II idawaletsa n'kuwauza kuti azithera pa mtanda wa ku Shettleston. Glasgow idadzakhala tauni ya mfumu mu 1611, ndipo lero Rutherglen ndi kamalo ka m'mphepete mwa Glasgow yemweyo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akulu, koma pamsonkho palibe chibale. Paisley itapatsidwa chilolezo cha msika mu 1488 pansi pa mkulu wa nyumba ya amonke ya kumeneko, anthu a ku Renfrew, tauni ya mfumu yoyandikana nayo, adapita kukagwetsa mtanda wa pamsika watsopanowo. Ndidakumbuka mmene amalonda a pa malo ena kuno kwathu adalusira atamva kuti mudzi woyandikana nawo wayamba tsiku la msika lakelake, Lachinayi, tsiku limodzi lisanafike lawo.

Ndipo pamenepa, nkhani itafika pokoma, masamba 24 palibe. Adang'ambidwa bwinobwino kuchokera ku ulusi. Ili ndi dandaulo langa lachiwiri pa benchi imeneyi, ngakhale wina anganene kuti basela safunsa mano. Si buku langa lokha. Nditabwererako ndidatsegula mabuku asanu a pamwamba pa benchi, ogulitsa ndithu, awiri adali operewera masamba a kumapeto. Mvula ikagwa amangofunditsa pepala la pulasitiki lobooka, ndiye a m'mphepete amafufuma ngati mkate. Mukapita, khalani ndi nthawi, muwerenge manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto, musachite manyazi. Iye sakwiya mukamatero, ndipo chimenecho ndimuyamikire. Amakusiyani muime ola lathunthu mukuwerenga, nthawi zina amakupatsani kampando.

Buku likamayambiranso, zinthu zidali zitatembenuka. Eni malo akuluakulu adali atapeza zikalata za matauni awoawo ambirimbiri, ololedwa msika wa mlungu ndi mlungu koma osaloledwa malonda a kunja. Amenewo sadakhale chete. Mu 1672 nyumba ya malamulo idawatsegulira mbali ya malonda a kunja, mu 1690 matauni a mfumu adabwezeredwa zina mwa zimene adataya, kukokana kokhakokha. Matauni a mfumuwo adali ndi msonkhano wawo wa nthumwi, wotetezera maufulu awo ndi kugawana msonkho. Muzu wake ndi khoti la matauni anayi, Berwick, Roxburgh, Edinburgh ndi Stirling. Awiri oyambawo atagwa m'manja mwa England, mu 1369 malo awo adatengedwa ndi Lanark ndi Linlithgow. Berwick idapitiratu ku England mu 1482. Roxburgh, imodzi mwa matauni awiri oyamba aja, lero kulibe n'komwe, ndi munda wa msipu. Chikalata cha mfumu sichidaiteteze ku nkhondo.

Scotland italumikizana ndi England mu 1707, pangano lidalemba kuti maufulu a matauni a mfumu asakhudzidwe. Adalipo 66, ndipo onse pamodzi adapatsidwa aphungu 15 ku London, Edinburgh wakewake mmodzi, enawo kugawana m'magulu. Koma m'kati mudali mutaola. Lamulo la 1469 lidalola khonsolo yotuluka kusankha khonsolo yolowa. Ndidawerenga chiganizo chimenecho kawiri kuopa kuti Chingerezi chandisokoneza. Ayi, n'zomwezo. Mabanja omwewo ankasinthana mipando, ndipo malo a tauni ambiri adagulitsidwa motchipa kwa anzawo. Za mapuloti kuno kwathu sindinena kanthu, aliyense ali ndi makutu. Masankho enieni a makhonsolo adabwera mu 1833, ufulu wotsekereza ena malonda udathetsedwa mu 1846, ndipo mu 1975 matauni a mfumu adatha ngati maboma a m'madera, kutsatira lamulo la 1973. Dzina lokha ndi limene anthu akumeneko amalikondabe, amalilemba pa zikwangwani zolowera m'tauni.

Wolemba bukuli ali ndi mbali yake, amawakonda amalonda ake. Amati popanda chitetezo chimenecho palibe mlendo akadabwera kudzamanga nyumba ndi kuika chuma chake m'dziko losauka la kumpoto, ndipo mwina akunena zoona pa zaka zoyambirira. Ine ndikadakonda akadapatula mutu umodzi wa munthu wa kumudzi uja, woweta nkhosa, amene amangotchulidwa akamalipira msonkho pachipata kapena akagwidwa akugulitsa chikopa mozemba. M'buku lonse munthuyo salankhula. Komabe sindinganame, buku lopanda chikuto la m'katoni ya mandasi landipatsa zolingalira zambiri kuposa mabuku ena amene ndidagula ndi ndalama. Tikiti ya mumsika imene ndimalipira ndikung'ung'udza ndimaiyang'ana mwina tsopano, ndimafunsa kuti kodi ikundigulira chiyani, poti a ku Aberdeen ankadziwa chimene mapaundi awo 213 ankawagulira.

Kwa ofuna mabuku a sukulu, benchi imeneyi ndi ya anthu odziwa chimene akufuna. Tengani mwanayo, kapena lembani papepala dzina la buku, wolemba ndi chaka, apo ayi mudzalira ngati ine. Madikishonale ali nawo abwino, mitengo yake ndi theka la ya m'sitolo, ndipo ndidaonapo maatilasi awiri olimba. Mabuku a nthano a ana ndi ambiri, a K1,000 mpaka K1,500. A Chichewa ndi ochepa kwambiri, ndidapeza atatu okha, onse a sukulu. Amalandira ndalama za pafoni koma amawonjezera yochotsera. Amatsegula cha m'ma 8 koloko, ndipo Lamulungu sabwera. Buku la Biology lija tidakagula latsopano ndithu, nditagulitsa matumba awiri a mtedza amene ndinkasungira mtengo wa Januwale.

Sabata yatha ndidapitanso, ulendo wachinayi. Ndidamufunsa ngati masamba 24 aja angapezeke m'katoni. Adaseka. "Madala, amenewo adapita ndi zitumbuwa kalekale. Mayi wake amakhala kuseri kwa ogulitsa tomato, kafunseni, kapena adasungako." Ndidawerama ndekha n'kukoka katoni ija. Pansi padali lina la mtundu womwewo, lopanda chikuto, mapu ake akadali onse, la madoko a kum'mawa kwa Scotland ndi malonda awo ndi tauni ya Veere ku Netherlands, komwe katundu wa amalonda a ku Scotland ankafikira kuyambira 1541. Ndidayesa kuumitsa nkhope ngati sindikulifuna.

"Ili ndi la pa kilo, eti achimwene?"

Adandiyang'ana, adayang'ana buku, adandiyang'ananso.

"Limenelo ndi K4,000, madala. A m'katoni adakwera."